Pa poker nkhope imanama, penyani manja

Akonzi,

Anyamata akwathu kuno ku Joni atengeka ndi poker, masewera a makadi obetcherana ndalama, chifukwa cha timavidiyo ta pafoni, tomwe katswiri amangoti maso tong'o pa mnzake kenako n'kutchula makadi ake ngati sing'anga. Ndiloleni ndiyankhuleko, poti ndagawa makadi pa kasino ina mumzinda uno kwa zaka 7.

Wogawa makadi maso ake amakhala pansi, ndiye ndaona manja ambiri kuposa nkhope. Munthu akamakankha ma chips, tinthu toimira ndalama zobetchera, manja akunjenjemera, achinyamata amati wachita mantha, alibe kanthu. Ayi ndithu. Nthawi zambiri ameneyo wagwira makadi onona, thupi lalephera kubisa chimwemwe. Wonamiza ndi uja wauma ngati chitsa, wosiya kutafuna chingamu, mpweya womwe akuopa kutulutsa. Wina makadi atatu oyamba ogwiritsa ntchito onse akangogwa patebulo amaponya diso pa mulu wake wa ma chips mwakachetechete, kenako n'kuyang'ana kumbali ngati sizikumukhudza. Ameneyo wapeza.

Komabe zimenezi ndi ndiwo chabe. Nsima yake ndi kuwerenga zomwe munthu wachita kwa maola ambiri: walowa kangati, amawonjezera ali pampando uti, akaopsezedwa amathawa kapena amakakamira, ndipo makadi atatembenuzidwa anali ndi chiyani. Pa bawo zonse zili poyera, ungowerenga nkhomo ndi maso. Apa umasonkha tizidutswa, ndipo munthuyo amasintha. Mumpikisano ndalama yolowera dzanja lililonse, kutanthauza ulendo uliwonse wogawa makadi, imakwera nthawi ndi nthawi, ndipo pakatsala anthu ochepa kuti mphoto ziyambe, a timilu tating'ono amakhala ngati nkhuku yonyowa, pomwe a milu ikuluikulu amawabera masanasana. Amene unamudziwa masana si yemwe uja usiku.

Ngakhale akatswiri zimawazunguza. Mu 2003 ku Las Vegas, pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker womwe umalowedwa ndi madola 10,000, mwa anthu 839 panatsala awiri: Sammy Farha, mkhalakale wa ndudu yosayatsa pakamwa, ndi Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee yemwe anapeza mpando wake posewera pa intaneti. Moneymaker, atabisa maso m'magalasi akuda, anakankha mulu wake wonse alibe kanthu. Farha anali ndi makadi oposa, ndipo anachita kunena ndi pakamwa kuti mnzakeyo akuoneka kuti waphonya chomwe amadikira. Anaona zoona, koma mtima sunamulole, anataya makadi ake. Pamapeto pake Moneymaker anapambana mpikisanowo n'kupita kwawo ndi madola 2.5 miliyoni. Kuona n'kwina, kuikapo ndalama pa zomwe waonazo n'kwinanso.

Chandilembetsa kalatayi ndi mnyamata wina wa kwathu ku Mangochi, wogwira ntchito pamalo othirira mafuta, yemwe anagwera patebulo langa tsiku lina Loweruka atavala magalasi akuda ndi chipewa ngati a m'mavidiyo aja. Moyang'anana naye panali bambo wachikulire amene anakhala maola atatu akungotaya makadi n'kumapsontha tiyi. Aliyense patebulopo anali atamuwerenga kale: akalowa ameneyu, thawa. Atawonjezera koyamba, onse anataya. Mnyamata wathu anamuyang'anitsitsa, anaona chala chikunthunthumira pa kapu, basi anakankha zonse. Ine wogawa sindiloledwa ngakhale kutsokomola. Bamboyo anatembenuza ma ace awiri, makadi akulu kuposa onse.

Ndinamupeza panja nditaweruka cha m'ma 2 koloko usiku, magalasi ali m'thumba. Anandiuza kuti, "Achimwene, koma nkhope yake inali ya munthu wonama." Ndinamufunsa kuti bamboyo analowa manja angati chikhalireni pampando uja. Sanawerenge. Ya takisi yobwerera ku Turffontein ndinamupatsa ndine, ndipo mpaka lero sanandibwezere.

Ndine wanu,
Wogawa makadi wa ku Mangochi,
Johannesburg