Lipoti la msonkhano wa nyenyezi zosintha kuwala: telesikopu ija tisagule kaye

A Wapampando, a Msungichuma, makolo ndi aphunzitsi anzanga a kalasi yathu ya Loweruka,

Ndabwerako kumene munandituma kuja. Ndalemberatu lipotili kuti muliwerenge pa gulu lathu la WhatsApp tisanakumane Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, chifukwa likukhudza ndalama zimene takhala tikusonkha kuyambira Malichi. Munandipatsa funso limodzi loti ndikafunse akatswiri: tigule telesikopu yanji yoti ana athu aziphunzirira zakuthambo? Ndabwera ndi yankho loti mwina ena silikuwakomera. Tisagule kaye. Mundimvere mpaka kumapeto musanandiitanitse ndalama ya thiransipoti.

Msonkhano unali wa masiku awiri, konkuno ku Joni. Kunali aphunzitsi a m'mayunivesite, ophunzira awo, ndi anthu wamba amene amangokonda kuyang'ana kumwamba, ambiri a iwo azigogo opuma pantchito. Nkhani yoyamba ya Lachisanu sindinaimve. Zaka zonsezi ndili kuno koma zala zoimitsira tekisi zimandisokonezabe, ndiye ndinakwera yolowera kwina n'kukafika anthu akumwa tiyi.

Mutu wonse unali nyenyezi zimene kuwala kwake kumasintha. Sitikunena kuthwanima kumene timaona usiku uliwonse, chifukwa kuja ndi mphepo ya dziko lathu lomweli imene imagwedeza kuwala. Izi n'zoti nyenyezi imawaladi kwambiri lero, mawa n'kuzilala, mkuja n'kubwereranso, ndipo zina zimasunga nthawi kuposa wotchi ya pakhoma. Anakamba za mitundu iwiri.

Mtundu woyamba amautcha eclipsing binaries. Ine ndiziti mapasa ophimbana. Ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana, zoyandikana kwambiri moti ife timaona kadontho kamodzi. Njira yawo ikakhala yopenyana ndi ife cham'mbali, imodzi imadutsa kutsogolo kwa inzake n'kuitchinga, kadamsana weniweni koma wa kutali. Yodziwika kwambiri ndi Algol. Masiku 2, maola 20 ndi mphindi 49 zilizonse imazilala mpaka kuwala kwake kutsala gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kadamsana wake yense amatha maola pafupifupi 10. Amene anayeza nthawi imeneyi n'kuganiza kuti pali china chimene chikudutsa kutsogolo anali John Goodricke wa ku England, mu 1783. Anali mnyamata wa zaka 18, wosamva kuyambira ali mwana, ndipo anayeza ndi maso ake. Anamwalira ali ndi zaka 21. Zimenezi ndidzawauza ana a giredi 11 amene amati sayansi ndi ya anthu a ndevu.

Ndinadzifunsa kuti nanga anthu ophunzira chotere akutayiranji moyo wawo pa kadontho kozima ndi kuyaka. Mayi wina wa ku yunivesite anayankha ndisanakweze dzanja. Nyenyezi sungaiike pa sikelo. Koma ziwiri zikamazungulirana, liwiro lake limaoneka m'kuwala kwake akakumwaza ngati utawaleza, ndipo nthawi yozungulira timaidziwa kale. Ukaphatikiza ziwirizi, masamu a Kepler ndi Newton amakupatsa kulemera kwa nyenyezi iliyonse. Kutalika kwa kadamsana kumakuuza kukula kwake: chinthu chothamanga pa liwiro lodziwika chikatenga maola akutiakuti kudutsa, m'lifupi mwake mwadziwika. Aphunzitsi anzanga a masamu, apa mwazindikira kale kuti ndi samu ya mtunda, liwiro ndi nthawi imene timaphunzitsa giredi 8. Zambiri zimene mabuku amanena motsimikiza za kulemera ndi kukula kwa nyenyezi zinachokera kwa mapasa amenewa.

Algol ili ndi kankhani kake kena kamene kanandisangalatsa. Lamulo ndi lakuti nyenyezi yolemera imakalamba msanga chifukwa imawotcha nkhuni zake mosasamala. Koma pa Algol, yokalamba ndi yotupa ndiyo yopepuka, yosafika n'kulemera kwa dzuwa lathu komwe, pamene yolemera kuposa dzuwa katatu ikadali yanthete. Akatswiri anazunguzika nazo zaka zambiri. Yankho n'lakuti yopepukayo ndiyo inali yolemera poyamba. Itakalamba inatupa mpaka mpweya wake kuyamba kukhuthukira kwa inzake, ndipo winayo ananenepa ndi chuma cha mkulu wake. Ife a ku Joni, amene mwezi ukatha timafola pa mzere wotumiza ndalama kumudzi, sitifunika kutifotokozera kawiri.

Mtundu wachiwiri ndi nyenyezi imodzi yokha, yopanda mnzake woitchinga, koma imafufuma ndi kuphwa ngati chifuwa cha munthu wogona. Mira, imene David Fabricius anaiona mu 1596, imatenga masiku pafupifupi 332 kuti ipume kamodzi, ndipo ikazilala maso paokha saiona. Zina za gulu la Cepheid zimatenga masiku owerengeka. Dzinali linachokera ku Delta Cephei, imene Goodricke yemwe uja anaitulukira mu 1784, ya masiku 5 ndi maola 9. Chimene chimachititsa ndi ichi. Mkati mwa nyenyezi, chakufupi ndi kunja, muli mpweya wa helium. Ukapanikizika n'kutentha umasanduka chotchinga, kutentha kochokera pansi n'kumakanika kudutsa. Mphamvu imaunjikana mpaka kukankhira kunja konse m'mwamba. Ikafufuma choncho mpweya uja umazizira n'kutsegula njira, kutentha n'kuthawa, nyenyezi n'kuphwanso. Amene anaphikapo nyemba mumphika wovindikira aona kale: chivindikiro chimadzuka, nthunzi n'kutuluka, chivindikiro n'kugwa, kenaka n'kuyambiranso.

Apa ndi pamene panalowa Henrietta Leavitt wa ku Harvard, nayenso wa vuto la kumva. Ntchito yake inali kuyang'ana zithunzi za pagalasi zojambulidwa ku Arequipa, m'dziko la Peru, za timitambo tiwiri toyera timene timaoneka kumwera, pambali pa Mlalang'amba, totchedwa Magellanic Clouds. Mu 1912 anaonetsa, ndi nyenyezi 25 za mu kamtambo kakang'onoko, kuti Cepheid yopuma pang'onopang'ono ndiyo yowala kwambiri, yopuma mofulumira n'kukhala yozilala. Taganizani muli pa khonde kumudzi usiku, n'kuona kuwala kutsidya la dambo. Simungadziwe ngati ndi koloboyi wa pafupi kapena nyali ya galimoto ya kutali. Koma wina atakunong'onezani kuti ndi koloboyi, mtunda mwaudziwa. Leavitt anapeza kuti Cepheid imanena yokha kuti ndine koloboyi kapena ndine nyali ya galimoto, ndipo imanena ndi kapumidwe kake. Mu 1923 Edwin Hubble anapeza Cepheid mu kamtambo kena kotchedwa Andromeda, n'kuwerengera kuti ili kutali kwambiri moti singakhale mbali ya Mlalang'amba wathu. Ndi mlalang'amba wina pawokha.

Mitundu iwiriyi imathandizana. Mu 2019 gulu la ofufuza linayeza mtunda wa ku kamtambo kakakulu ka Magellan ndi mapasa ophimbana 20, osaphonya kuposa gawo limodzi mwa 100. Kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka pafupifupi 160,000 kuti kutifike. Mtunda umenewo ndiwo amawongolera nawo muyeso wa ma Cepheid, ndipo ma Cepheid amayezera milalang'amba ya kutali. Pamwamba pa zonsezi pali mkangano umene sunathe: njira imeneyi ikuti thambo likufutukuka pa mlingo wa 73, njira ina yodalira kuwala kwakalekale kotsalira pa chiyambi cha thambo ikuti 67. Madzulo a Lachisanu anthu awiri a imvi anatsala pang'ono kulozana zala pa nambala ziwirizi. Panalinso nkhani ya masetilaiti a Kepler ndi TESS, oulutsidwa mu 2009 ndi 2018 (ya Kepler inasiya ntchito mu 2018), omvera kunjenjemera kwa nyenyezi mpaka akatswiri kudziwa za mkati mwake, monga timagogodera chivwende pamsika. Anatchulanso Donald Kurtz, amene mu 1978 ku Sutherland, malo oonera nyenyezi a m'dziko lino la South Africa, anapeza nyenyezi yopuma mphindi 12 zilizonse. Masamu ake anali a anthu a digiri yachitatu, sindikutopetsani nawo.

Chimene chinasintha maganizo anga pa telesikopu ndi nkhani ya Loweruka m'mawa, ya mbiri ya ntchitoyi m'dziko lino. Amene timakhala ku Yeoville timadutsa dera la Observatory osafunsa chimene analitchulira choncho. Dzinali linachokera ku malo oonera nyenyezi amene anali pa phiri la m'deralo, ndipo pomwepo, mu 1915, Robert Innes anatulukira Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu. Ku Edenvale kunali Danie Overbeek, amene anamwalira mu 2001. Zakuthambo sizinali ntchito yake yolipidwa, koma analemba miyeso ya nyenyezi zosintha yoposa 280,000 ali pakhomo pake.

Kenaka anatchula Alexander Roberts, ndipo ine ndinakhala tsonga. Anali mphunzitsi ngati ife, wa ku Scotland, amene anafika pa sukulu ya Lovedale ku Eastern Cape mu 1883. Masana choko, usiku katelesikopu kakang'ono, kope ndi pensulo. Anasiya miyeso pafupifupi 250,000, ndipo zimene anapeza pa mapasa a kumwera monga V Puppis, yozungulirana tsiku limodzi ndi theka losakwana, zinawerengedwa ndi akatswiri a ku Ulaya ndi America. Wokamba nkhaniyo sanadziwe kuti m'holomo muli Mmalawi amene dzina la Lovedale analiphunzira ku pulayimale. Ndi Lovedale yomweyo kumene kunachokera William Koyi ndi anzake mu 1876 kupita ku mishoni ya Livingstonia. Koyi anagwira ntchito pakati pa Angoni a M'mbelwa mpaka kumwalira ku Njuyu mu 1886, Roberts atakhala kale zaka zitatu pa sukulu imene Koyi anachokera. Nthawi ya tiyi ndinawafotokozera zimenezi ndipo analemba m'kope mwawo. Tsiku limenelo nanenso ndinaphunzitsako.

Madzulo anatitengera panja kukayeseza. Njira yake ndi yophweka mochititsa manyazi. Umatenga tchati chosonyeza nyenyezi yosinthayo ndi zinzake zosasintha, chilichonse ndi nambala ya kuwala kwake, imene amati magnitude. Nambalayi imayenda chobwerera, yaing'ono ndiye yowala. Umasankha imodzi yowala kuposa yakoyo ndi ina yozilala kuposa yakoyo, n'kuweruza kuti yako ili pati pakati pawo. Ulembe nambala, tsiku ndi nthawi. Basi. Ine ndinalemba 3.6 pamene gogo wina wozolowera analemba 3.8, ndipo anandiuza kuti kwa munthu woyamba si zoipa. Ndinawafunsa za telesikopu yathu. Anandifunsa kuti ana athu angaloze nyenyezi zingati n'kuzitchula maina. Ndinawerenga chamumtima: Akamwiniatsatana, Nsangwe, mwina Nthanda, imenenso si nyenyezi koma pulaneti la Venus. Anaseka n'kunena kuti matelesikopu ambiri ogulidwa mwachangu amathera pansi pa bedi, chifukwa mwana wosadziwa thambo akaloza chubu kumwamba amangoona mdima, kawiri katatu n'kugwa ulesi. Komanso nyenyezi, ngakhale mu telesikopu yodula, imaonekabe kadontho.

Ndiye ndikupempha izi. Pa ndalama tasonkhazo titengepo zochepa tigule mabayinokyula awiri a 7x50 (okuza chinthu kasanu ndi kawiri, a magalasi a mamilimita 50), makope a chikuto cholimba, ndi matochi oti tiwamate pepala lofiira kuti asamathobwe ana m'maso. Zotsalazo zikhale kwa a Msungichuma mpaka chaka chamawa. Matchati sitigula, bungwe la AAVSO, lomwe lakhala likusonkhanitsa miyeso ya anthu wamba kuyambira 1911, limawapereka ulere pa intaneti ndipo limalandira miyeso ya aliyense wolembetsa. Ana akafuna kuona mphete za Saturn, bungwe la Astronomical Society of Southern Africa lili ndi nthambi kuno ku Johannesburg, tikhoza kulemba kalata yopempha kuti tikacheze.

Nyenyezi zoyambira ndasankha zitatu zooneka ndi maso ngakhale mu magetsi a tauni. Algol imaoneka madzulo chakumpoto kuyambira Novembala mpaka Januwale, koma kuno imakhala m'munsi, siikwera kuposa madigiri 23, ndiye pafunika malo opanda nyumba zosanja kutsogolo. Beta Doradus ili pafupi ndi kamtambo kakakulu ka Magellan ndipo imapuma masiku 10 osakwana pang'ono, moti mwana woleza mtima aona galafu yake ikupindika mwezi usanathe. Ya chitatu ndi l Carinae, ya masiku 35 ndi theka, yabwino kuyambira Januwale mpaka nyengo yozizira, pamene thambo la Joni limayera mbee. Delta Cephei tiiiwale, kuno imangosuzumira pamwamba pa madenga.

Mavuto awiri ndikuwaona. Loyamba ndi mvula ya mabingu ya miyezi ino, imene idzatibera masiku ambiri. Nchifukwa chake ana agawane, a ku Rosettenville, a ku Yeoville ndi a ku Tembisa aliyense ndi kope lake, chifukwa mtambo wa Joni umatha kuphimba dera limodzi n'kusiya lina. Lachiwiri ndi chitetezo. Palibe mwana woima yekha pamsewu usiku ndi mabayinokyula m'khosi. Zikhale za mkati mwa mpanda, kholo lili pomwepo, mphindi 15 n'kulowa. Amene mukupita kumudzi pa Khrisimasi mutenge kope limodzi. Ku Dedza kapena ku Mzimba kulibe magetsi otchinga thambo, ndipo Algol imakwera bwino kuposa kuno.

A Msungichuma, malisiti a tekisi ndi a chakudya ndili nawo, pamodzi ndi chenji cha R40. Ya tekisi yosokera ija sindinaiwerengere, ndalipira ndekha. Lamlungu ndibwera ndi matchati atatu osindikiza kuti makolo muyambe mwayesa nokha, tisanavote.