Mankhwala a khansa azilunjika pa chotupa

A Mkonzi,

Ndipatseni mpata ndinenepo za kafukufuku wina wa khansa, monga namwino amene ndinagwira ntchito yoika odwala madiripi.

Amene anadwazikapo wakhansa akuwadziwa mankhwala ofiira aja otchedwa doxorubicin. Ntchito amagwira, koma amazungulira thupi lonse: tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo akachuluka amafooketsa mtima. N'chifukwa chake madokotala amawerengera mlingo wonse umene munthu walandira, ukakwana amasiya ngakhale chotupa chikadalipo. Kuuza banja zimenezi kunkandiwawa koopsa.

Akatswiri a ku Oxford, ku England, anayesa njira ina. Anagwiritsa ntchito ThermoDox, doxorubicin yemweyo koma wokulungidwa m'timatumba tamafuta tosaoneka ndi maso. Timatumbati timayenda m'magazi titatsekeka. Kenako amalunjikitsa mafunde a ultrasound (phokoso losamveka ndi makutu) pa chotupa cha m'chiwindi, osang'amba khungu, n'kutenthetsa malowo mpaka kupitirira madigiri 39.5. Timatumba tikafika pofundapo timatseguka, mankhwala n'kukhuthukira pomwepo. Zotsatira zinatuluka mu 2018: mwa odwala 10, mankhwala olowa m'chotupa anachuluka pafupifupi kanayi kuyerekeza ndi pamene malowo anali asanatenthedwe.

Komabe tisapupulume. Odwala 10 ndi ochepa, ndipo chimene ankayeza n'chakuti mankhwala afika, osati kuti munthu wachira. ThermoDox yemweyo atayesedwa pa anthu ambiri a khansa ya m'chiwindi, pogwiritsa ntchito singano yowotcha chotupa, sanaonetse phindu loyembekezeka. Komanso makina a ultrasound aja si sikani ija ya amayi oyembekezera ayi. Choncho wina akabwera ndi botolo lolembedwa "nano" (mawu onena za tinthu ting'onoting'ono ngati timatumbati) n'kukuuzani kuti musiye diripi yakuchipatala, m'kanireni.

Chondikhudza kwambiri ndi ichi. Timatumba toyamba ta doxorubicin, totchedwa Doxil, tinavomerezedwa ku America mu 1995, ndipo matenda oyamba amene anativomerezera ndi Kaposi sarcoma, khansa imene imavutitsa anthu ambiri okhala ndi HIV kuno kwathu. Timatumba ta Doxil timeneti sitifuna makina apadera, ndipo sitipweteka mtima ngati mankhwala ofiira wamba. Chopinga chachikulu ndi mtengo.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu athu kuti pokonza bajeti ya chipatala cha khansa cha ku Lilongwe aganizire mankhwala a Doxil amenewa, ndipo akambirane mitengo pamodzi ndi mayiko oyandikana nafe kuti tizigula motchipa.

Namwino wopuma pa ntchito,
Zomba