Za imfa ya malume ndi ulendo wa thupi lawo

Johannesburg, Lachitatu usiku

Okondedwa Amayi,

Pa foni paja tonse tinali kulira, ndiye zambiri sizinamveke. Ndalemba kalatayi kuti muwerenge pamodzi ndi amayi aang'ono, anyakwawa ndi akulu a mpingo, kuti aliyense amve chimodzimodzi thupi lisanafike. Malume anatisiya Lolemba m'bandakucha kuchipatala, alamu anu ali pambali pawo. Chawatenga ndi chifuwa chija cha kumigodi.

Inu mukukumbukira bwino kuposa ife kuti analembedwa ndi a TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa, mu 1979, agogo aamuna akukaniza, poti ngozi ya ndege ya Wenela yonyamula ogwira ntchito kumigodi, ku Francistown mu 1974, yomwe inapha anthu oposa 70, inali isanachoke m'mitima ya anthu. Anagwira pansi pa mgodi wa golide kufupi ndi Carletonville, pa makina obowola mwala, mpaka ntchito inatha mu 1997. Fumbi la mwala umenewo likalowa m'mapapo silituluka. Limasiya zipsera zomwe zimauma pang'onopang'ono, munthu n'kuyamba kubanika patapita zaka 10 kapena 20 atasiya ntchito. Madokotala amati silicosis. Si matenda opatsirana, ndipo palibe amene anawalodza. Chonde mawu amenewa afike kwa onse amene ayamba kale kunong'onezana.

Kwathuko ankawatcha mtchona, koma mukanaona momwe ankakhalira ku Khutsong, pafupi ndi Carletonville, mukananyadira. Anayamba ndi tebulo pageti: tomato, makandulo, machesi ndi parafini wa m'mabotolo. Ndalama zomwe analandira potsanzikana ndi mgodi anamangira chipinda chimodzi kutsogolo kwa nyumba, cha windo la zitsulo, n'kukhala golosale, imene kuno amati spaza. Katundu ankakapikula ku holoselo Lachiwiri ndi Lachisanu. Buledi yekha ndiye ankabwera ndi galimoto m'mawa uliwonse. Thumba la ufa la makilogalamu 12.5 phindu lake n'lochepa zedi, limangokokera anthu pawindo. Zodyetsa banja ndi tinthu ting'onoting'ono: shuga wopimira m'timapepala, mazira ogulitsa limodzilimodzi, mayunitsi. Fodya sanamuikepo pa shelefu ngakhale ndiye amathamanga, ndipo Lamulungu chitseko chinali chotseka. Magetsi akathima nthawi yaitali, mkaka ndi soseji za mu filiji ankataya, osatsitsa mtengo kuti wina akadwale nazo. Boma litalamula kumapeto kwa 2024 kuti ma spaza onse alembetsedwe kukhonsolo, kutsatira imfa za ana odya zakudya zoipa, iwo anapita sabata yoyamba yomwe.

Kope lawo la ngongole ndi lomwe landigwira mtima. Munthu aliyense ali ndi tsamba lake, malire ake R300, chiwongoladzanja palibe. Ambiri ndi agogo olera zidzukulu, amene amabweza kumayambiriro kwa mwezi akalandira ndalama za boma za okalamba. Pali masamba ena odulidwa mzere wofiira popanda chiwerengero cha kubweza. Alamu anu akuti amenewo ndi a mabanja ogwa maliro: ankangofafaniza, osauza munthu.

Za kutchalitchi ndifotokoze bwino, chifukwa kwathuko a Methodist ndi ochepa ndipo ena akuganiza kuti malume anali abusa. Sanali abusa. Anali mlaliki wamba, wosalandira malipiro, wosadyetsa Mgonero. Udindo umenewu sautola panjira. Munthu amayamba n'kuperekeza mlaliki wamkulu, kenako amakhala pa mayeso, kulemba maphunziro ndi kulalikira pamaso pa alaliki anzake amene amamuunika, asanalandiridwe kwathunthu. Miyezi itatu iliyonse kumatuluka pepala lotchedwa pulani, losonyeza kuti Lamulungu lakuti mlaliki wakuti akalalikira pa mpingo wakuti. Mbusa mmodzi sangafike mipingo yonse ya m'dera lake, choncho maguwa ambiri amadalira anthu ngati malume. Ankalipira okha minibasi, nthawi zina kukalalikira anthu 12 m'kalasi ya sukulu, m'Chitswana kapena m'Chixhosa, koma akafika pa pemphero lomaliza Chichewa chinkatulukira chokha. Ulaliki wawo wodziwika unali wa pa Miyambo 11, wa sikelo yachinyengo, ndipo anthu ankaumva chifukwa sikelo ya mlalikiyo ankaidziwa. Mu 2008, alendo akuthamangitsidwa m'madera ambiri, ku Khutsong kunakhala bata, ndiye iwo anatenga ufa ndi mabulangete kukasiya ku tchalitchi cha Central Methodist pa Pritchard Street muno mu Johannesburg, komwe kunadzaza othawa.

Zaka zomalizazi mpweya unkawathera pakati pa mawu. Ankagwira gome ndi manja onse awiri, chifuwa chikawabanika azibambo a bungwe la amuna la mpingowo, ovala malaya ofiira, ankayambitsa nyimbo, akumenya timapilo tachikopa m'manja, kufikira malume atapezanso mpweya. Akakweza dzanja, nyimbo inkatha, iwo n'kupitiriza pomwe analekera.

Tsopano nkhani yovuta, Amayi, ndipo ndikupempha muimve mofatsa. Thupi likubwera lopanda mtima ndi mapapo. Palibe amene waba ziwalo. Lamulo la kuno limalola kuti munthu amene anagwirapo ntchito kumigodi akamwalira, mtima ndi mapapo ake zikapimidwe ku National Institute for Occupational Health, ku Braamfontein, banja likavomereza. Kupimako n'kwaulere. Akapeza kuti fumbi linawononga mapapo, mkazi ndi ana amatha kulandira chipepeso cha boma, ndiponso zotsatirazo ndi umboni ku Tshiamiso Trust, bungwe lolipira odwala silicosis ndi chifuwa chachikulu cha ku migodi ya golide. Zimenezi zimachitika thupi lisanaikidwe m'manda. Mukazengereza, umboni wapita nawo. Malume anauziratu alamu anu ndi abusa awo chaka chatha kuti atero, ndipo alamu anu ndi amene anasaina. Ndikudziwa kuti kwathu n'zowawa kumva. Koma anthu ambiri a TEBA agona m'manda a ku Dedza mabanja awo osaona ngakhale tambala, chifukwa panalibe pepala losonyeza chimene chinawapha. Pachifuwa pasokedwa bwino ndipo avekedwa suti yawo yakuda ya pa guwa. Zotsatira zimatenga miyezi. Ngati muli ndi chikalata chilichonse chakale cha TEBA m'sutikesi ya agogo, makamaka chokhala ndi nambala yawo ya kumgodi, musungeni. Wina akabwera kunena kuti akuthandizani kutapa ndalamazi mukamupatsa kangachepe, mubwezeni, kulembetsa sikulipiritsa.

Mapepala a ulendo ali motere. Dokotala anadzaza fomu ya DHA-1663, ndipo ndi imeneyo tinatengera setifiketi ya imfa ku Home Affairs. Okonza maliro apereka chikalata chosonyeza kuti thupi laumitsidwa ndi mankhwala, dokotala walemba kalata yoti matendawo si opatsirana, ofesi ya kazembe wa Malawi yapereka kalata yake, ndipo tikudikira chilolezo cha unduna wa zaumoyo chotulutsira thupi m'dziko. Chimene chimachedwetsa anthu ambiri ndi dzina: chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa pasipoti ndi setifiketi, galimoto imaima pachipata. Ife tafananiza mapepala onse chilembo ndi chilembo.

Chilolezo chikatuluka Lachisanu, galimoto inyamuka Loweruka, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kulowera pa chipata cha Dedza. Ndi masiku awiri zikayenda bwino, koma musalengeze tsiku loika tisanakuimbireni tili ku Tete, mungaphike nsima ya anthu ambiri pachabe. Tikubwera anthu 7, pamodzi ndi alamu anu, ana awiri ndi mlaliki mmodzi woimira mpingo.

Bokosi lili ndi lata m'kati ndipo ndi lomatidwa. Adzukulu asalitsegule. Pankhope pali galasi, aliyense adzawaona pamenepo. Ndi lalikulu ndiponso lolemera kuposa a kwathu, choncho manda akumbe a mamita 2.3 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndipo onyamula akhale 8. Zingwe zikhale zatsopano.

Ndalama za ulendo zakwana. Bungwe la maliro la a Malawi lomwe malume ankasonkhako mwezi ndi mwezi lalipira mbali yaikulu, mpingo wawonjezera yotsala. Mawa nditumiza pa Mukuru ya chimanga, ndiwo, shuga ndi nkhuni za pa siwa. Amayi aang'ono alembe chilichonse chogulidwa. Abusa a kuno alemba kalata yopita kwa abusa a CCAP kwathuko yochitira umboni kuti malume anali mkhristu wa Mgonero, ndiye pemphani kuti mwambo auyendetse iwo, amayi a Chigwirizano aimbe, ndipo mlendo wathu apatsidwe mphindi zochepa.

Chomaliza ndi golosale. Malume anali mwini mbumba wathu, ndipo ndikudziwa kuti ena adzafunsa za chuma. Golosale ndi nyumba zili pansi pa malamulo a kuno, ndipo nkhani yake idzapita ku ofesi ya Master of the High Court maliro akatha. Amene wakhala pawindo lija zaka zonse malume akubanika ndi alamu anu, ndipo sukulu ya ana ikuchokera pomwepo. Ndikupempha inu, monga mlongo wawo wamkulu, muyankhule mawu amenewa pamaso pa abale musanamete, kuti mayiyu asafunsidwe makiyi ali pa mphasa ya maliro. Iwo akubweretserani Baibulo la Chichewa lomwe malume anachoka nalo mu 1979, ndi mapulani awo onse a ulaliki, omangidwa ndi mphira.

Mupereke moni ndi chipepeso changa kwa agogo aakazi. Muwauze pang'onopang'ono, pali munthu wowagwira.

Ine mwana wanu.