Kwa eni galaja imene inaika kompyuta pa Hilux yanga: konzani pomangira sensa

Bwana, ndalemba pano poyera chifukwa foni simukuyankha, ndipo mauthenga a pa WhatsApp mukungowerenga osabweza. Dzina la galaja sinditchula. Mukudzidziwa, ndipo anyamata anu akuikumbukira Hilux yoyera ya injini ya 4Y imene inakhala pabwalo panu milungu itatu.

Ndinabwera kwa inu kabuleta itatopa, petulo akungotha ngati thanki yabooka. Munandilangiza kuti tiike ma injector, makoyilo ndi kompyuta yapadera yoyendetsa injini. Ndinavomera, ndinalipira zonse, lisiti ndili nalo. Kompyutayo ndilibe nayo mlandu. Mlandu wanga uli pa kachitsulo kamene munamangirapo sensa ya crankshaft, kachipangizo kouza kompyuta mmene injini ikuzungulirira.

Inu mukudziwa kuposa ine kuti kompyuta imadziwa pamene pisitoni yafika pongowerenga mano a gudumu limene munawotcherera pa pule. Gudumu lake ndi la 36-1: mano 35, ndi mpata pamene pakanakhala dzino la 36. Kuchoka pa dzino lina kufika pa linzake ndi madigiri 10. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, mano 1,750 amadutsa pamphuno pa sensa pa sekondi imodzi. Ikaphonya dzino limodzi lokha, kompyuta imasokonezeka, imadula moto kapena kuupereka pa nthawi yolakwika. Ndiye chinthu chofunika kusamala chonchi inu n'kuchimangira pa kachidutswa ka lata kopyapyala, kopindika ndi manja, kogwira pa bawuti imodzi?

Sabata yoyamba mtauni galimoto inkayenda bwino, ndinakuyamikirani. Vuto linaoneka nditanyamula tomato ku Lizulu kupita kumsika wa Wakawaka. Pakati pa Dedza ndi Linthipe ndinaponda moto kuti ndipitirire lole, ndili pambali pake injini inangozima kwa kanthawi, kenako n'kuphulitsa ku ekizozi ngati mfuti. Kutsogolo kunkabwera minibasi. Mphwanga amene ndinali naye anakuwa, ine n'kubwerera kumbuyo kwa lole mtima uli m'mwamba. Titayenda pang'ono inazimiratu. Tinaswera pamsewu, dzuwa likuphika katundu, mpaka tinachita kulipira galimoto yotikoka. Theka la tomato ndinagulitsa motaya.

Nditakuimbirani tsiku limenelo munati ndathira petulo wa m'zigubu. Mawa lake munati mwina ndi pampu. Pampu ndinagula yatsopano chifukwa cha mawu anu, koma vuto silinasunthe.

Amene anandithandiza ndi makaniko wina wachikulire. Analumikiza laputopu, kompyuta n'kuonetsa kuti ikutaya kuwerenga mano nthawi zonse injini ikakwera. Kenako anatenga geji yoyezera mpata, n'kumazungulitsa injini ndi sipanala. Mbali ina ya gudumu mpata unali wosakwana theka la milimita, mbali ina unapitirira mamilimita 2. Sensa ya maginito ngati imeneyi imafuna mpata wa milimita imodzi kapena kucheperako pang'ono, wofanana kuzungulira konse. Ndiye kuti gudumulo munaliwotcherera lopendeka, osaliyika pakati. Bulaketi, kachitsulo kogwira sensa kaja, anaikankha ndi chala chimodzi, inagwedera tonse tikuona. Nsonga ya sensa yapalika, mano akhala akuikhula. Waya wa sensanso munaika wamba, wopanda chotchinga, n'kumumangirira pamodzi ndi mawaya a mapulagi, pamene aliyense wogwira ntchitoyi amadziwa kuti moto wa mapulagi umasokoneza siginolo. Ndinamva chisoni, bwana, chifukwa zonsezi si zodula. Chimene chinasowa ndi kufatsa.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti ndinafunsa. Tsiku lotenga galimoto ndinaloza bulaketiyo n'kunena kuti ikuoneka yofooka. Mnyamata wanu anati, "Musadandaule bambo, timapanga chonchi nthawi zonse." Ngati ndi zoona, pali magalimoto ena pamsewu wa M1 amene angazime pa nthawi yoipa ngati yanga, mwina atanyamula anthu.

Ndikufuna muchotse pule, gudumu liikidwe pakati penipeni pa lathe, makina osemera zitsulo, osati ndi maso. Bulaketi ikhale ya chitsulo chochindikala, mamilimita 6 kapena kuposa, yogwira pa mabawuti awiri pa injini penipeni, yosagwedera ngakhale muikoke ndi dzanja. Sensa yopalikayo musinthe ndi ndalama zanu, waya akhale wotchingidwa ndipo adutse kutali ndi mapulagi ndi alternator. Mukamaliza muyeze ndi timing light, nyali yoonera nthawi imene moto ukuperekedwa, ine ndilipo, tione ngati madigiri amene kompyuta ikunena ndi amene akuoneka pa pule. Ndalama ya pampu ndi ya galimoto yokoka mundibwezere. Za tomato ndaluza sindikuwerengerani.

Galimoto imeneyi ndi imene imadyetsa banja langa, ndipo yaima masiku 12 tsopano. Ndikupatsani mpaka Lachisanu kuti mundiimbire. Likadutsa, nditenga lisiti, zithunzi ndi sensa yopalikayo kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula. Nambala yanga muli nayo.