Nduna Yaikulu ya ku South Africa ndi ndani, a Mkonzi?

A Mkonzi,

Ndakhumudwa kwambiri ndi nkhani imene munatulutsa sabata yatha, ya mkulu uja amalemba za ndale patsamba lanu la maganizo. Akuti Malawi akhale ndi pulezidenti wongolandira alendo ndi kudula maliboni, boma liziyendetsedwa ndi Nduna Yaikulu, monga akuti zimachitikira ku South Africa. South Africa yake iti? Yomwe ino tikukhalamo ife, kapena pali ina imene inabisidwa kuseri kwa phiri la Mulanje? Tatiuzani dzina la Nduna Yaikulu ya kuno, mwina ife a ku Mayfair ndi ku Yeoville mu Johannesburg muno yatidutsa tili ku ntchito.

Kuno kulibe Nduna Yaikulu. Udindowo unatha mu 1984 pamene P.W. Botha anaphatikiza mphamvu zonse pa mpando wa pulezidenti. Gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1996 limanena poyera kuti pulezidenti ndi mtsogoleri wa dziko komanso mkulu wa boma. Amasankha nduna, amazichotsa, ndiponso ndiye wamkulu wa asilikali. Ndikuganiza kuti chamusokoneza mkulu wanuyo n'chakuti anthu kuno savotera pulezidenti mwachindunji. Amavotera chipani, kenako aphungu 400 a Nyumba ya Malamulo amasankha mmodzi pakati pawo. Mu June 2024, ANC itangopeza mipando 159, a Ramaphosa anadutsa ndi mavoti 283 chifukwa chogwirizana ndi DA ndi zipani zina, a Malema n'kupeza 44. Koma kusankhidwa ndi aphungu sikumuchotsa munthu mano. Mkulu wanuyo afunse aliyense amene anali kuno mu March 2020, pamene a Ramaphosa anatseka dziko, asilikali ali mbwee mumsewu, mowa ndi fodya zitaletsedwa kugulitsa. Wodula maliboni ameneyo?

Mwina muziti n'kulakwitsa kwakung'ono. Inu muli kumudzi, manyazi akugwira ife. Nkhaniyo yazungulira m'magulu onse a WhatsApp a Amalawi kuno, anthu akukangana mpaka usiku ngati ndi mawu a m'buku lopatulika. Mnyamata wina wa kwathu anakaibwereza ku ntchito pamaso pa eni dziko, anamuseka mpaka kumufunsa ngati kwathu sukulu ziliko. Kale lomwe amationa ngati anthu odziwa khasu ndi makina osokera basi, ndiye nyuzipepala yathu yomwe iziwapatsanso chotisekera? Palibe ndi mmodzi yemwe mu ofesi mwanumo amene anawerenga nkhaniyo isanatuluke? Palibe amene ali ndi mlamu ku Joni woti akanamuimbira foni? Safunsa anadya phula, ndipo ulendo uno mwatidyetsa tonse.

Apulezidenti a mtundu umene mkuluyo amafuna kunena alipo ndithu, ku Germany, ku India, ku Italy, ku Ireland, ndipo mu Africa muno ku Ethiopia ndi ku Mauritius. Koma ngakhale pamenepo waphonya, chifukwa ntchito yawo si maliboni okha. Munthu wotere ali ngati nkhoswe: sakuuzani ndiwo zoti muphike, koma tsiku limene m'nyumba mwabuka mkangano ndiye amaitanidwa. Chisankho chikapanda kutulutsa wopambana woonekeratu, iye ndiye amakambirana ndi zipani kuti papezeke wopanga boma. Mu 2018 Sergio Mattarella wa ku Italy anakana kuti Paolo Savona akhale nduna ya zachuma, zipani zinalusa koma pamapeto pake zinabweretsa dzina lina. Mu 2006 Horst Köhler wa ku Germany anakana kusaina mabilu awiri ponena kuti akusemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Wa ku Ireland ali ndi mphamvu yotumiza bilu ku khothi lalikulu asanaisaine. Zonsezi zimatheka pokhapokha munthuyo ali ndi msana. Mu 1975 Fakhruddin Ali Ahmed wa ku India anangosaina usiku chikalata choika dziko pa malamulo a nthawi ya ngozi chimene Nduna Yaikulu Indira Gandhi anamupatsa, atsogoleri otsutsa boma n'kuyamba kunjatidwa.

Chondipweteka koposa n'chakuti munthu wodzitcha katswiri sakudziwa mbiri ya dziko lake lomwe. Ifetu zimenezi tinaziyesa kale. Kuyambira pa 6 July 1964 mpaka pa 6 July 1966 mtsogoleri wa dziko anali Mfumukazi Elizabeth, woyimiridwa ndi bwanamkubwa Glyn Jones, ndipo Kamuzu anali Nduna Yaikulu. Nanga mu September 1964, pamene Kamuzu anachotsa a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa ndi a Augustine Bwanausi, a Chipembere ndi anzawo n'kutula pansi maudindo, bwanamkubwayo analetsa chiyani? Anayesa kuyanjanitsa, zinakanika, anthu anathawira kunja. Pofika 1971 tinali ndi pulezidenti wamuyaya. Anzathu a ku Zimbabwe anali ndi pulezidenti wa mwambo Canaan Banana kuyambira 1980 mpaka 1987, ndipo anthu a ku Matabeleland anaphedwa iye ali pampando, boma lili m'manja mwa Mugabe. Kuno komwe, mu 1961, C.R. Swart anali pulezidenti wa mwambo chabe pamene Nduna Yaikulu Verwoerd ankakhwimitsa tsankho. Wokonda mphamvu mukamutcha Nduna Yaikulu amazikondabe.

Ndipo ndalama zake zichokera kuti? Dziko limene anthu akugona pamzere wa mafuta likhale ndi midipiti iwiri ya galimoto? Wina ku Kamuzu Palace, wina ku Sanjika, n'kumalimbirana Chikoko Bay pa Khirisimasi. Ndikudziwa kale amene angapatsidwe mpando wa ulemuwo: nkhalamba ya chipani imene yasowa pokhala. Aphungu athu omwewa, odumpha kuchoka chipani ichi kupita icho gawo 65 la malamulo a Malawi loletsa zimenezi lili chiyang'anire, ndiwo tiwapatse mphamvu yosankha ndi kugwetsa boma? Bwenzi boma likusintha nthawi iliyonse alawansi ikachedwa. Iwowa ndi amene anachotsa gawo 64 mu 1995 kuti anthu asamathe kuchotsa phungu wawo, n'kudzaphanso Seneti, nyumba yachiwiri ya malamulo, mu 2001 isanakhale pansi n'kamodzi komwe. Za izi mkulu wanuyo sanalembepo kanthu. Sanalembenso kuti ife matchona, amene timatumiza marandi mwezi ndi mwezi kuti ana aphunzire ndi feteleza agulidwe, sitingavote tili kuno. Pa ndalama ndife Amalawi, pa voti ndife alendo.

Tsono chitani izi msanga. Tulutsani chikonzero patsamba lomwelo, ndi zilembo zazikulu ngati zomwe munalembera bodzalo, osati kukabisa pansi pa malonda a maliro. Mupemphe mphunzitsi wa zamalamulo ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba alembe nkhaniyi bwinobwino, ndipo mkulu wanuyo ayambe walemba za kubwezeretsa gawo 64 asanatipatse pulezidenti wachiwiri woti tizimudyetsa. Mukapanda kutero, Media Council of Malawi ilipo, ndipo kalata yopita kumeneko ndailemba kale theka.

Ine wowerenga wanu,
Mmalawi wokhala ku Mayfair, Johannesburg