Amene akudikirabe yankho la pemphero asaonedwe ngati olephera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko m'malo mwa Akhristu omwe saimirira pa nthawi ya maumboni. Umboni womwe timamva kawirikawiri umayenda njira imodzi: ndinadwala, ndinapemphera, ndinachira, ndinali pa ulova, ndinasala kudya, anandiitana kuntchito. Zimenezi n'zabwino, ndipo inenso ndimaomba nawo m'manja. Koma pa mpando womwewo pamakhala wina amene wakhala akupempherera chinthu chimodzi kwa zaka, yankho osaoneka, ndipo amabwerera kunyumba akudzifunsa kuti iye analakwa chiyani. Chondipweteka n'chakuti alipo alaliki omwe amamuyankha mosachedwa. Amati chikhulupiriro chako n'chochepa, kapena pali tchimo lomwe ukubisa, kapena sunapereke mokwanira. Chiphunzitso chimenechi chikugwetsa anthu mphwayi, ndipo Baibulo lomwe alalikiwo amanyamula silinena zotero.

Tatsegulani Machitidwe 12. Mfumu Herode inapha Yakobo, mbale wake wa Yohane, ndi lupanga. Itaona kuti anthu akondwera nazo, inagwiranso Petro n'kumutsekera m'ndende, asilikali 16 akumulondera mosinthana. Mpingo unapemphera kolimba, mngelo anabwera usiku, maunyolo anagwa, Petro anatuluka. Mpingo wake ndi womwewo, Mulungu wake ndi yemweyo, koma mtumwi mmodzi anaphedwa, wina anapulumuka. Palibe pamene palembedwa kuti Yakobo anali wofooka m'chikhulupiriro kuposa mnzakeyo. Ndipo taonani anthu opempherawo. Petro atagogoda pakhomo pa nyumba ya Mariya, mtsikana wantchito dzina lake Roda anathamanga kukawauza, iwo n'kumuyankha kuti wapenga. Anthu omwe ankapempherera Petro sanakhulupirire kuti Petro ali pakhomo! Kukanakhala kuti Mulungu amayamba wayeza kukula kwa chikhulupiriro asanayankhe, usiku umenewo maunyolo sakanamasuka.

Paulo naye nkhani yake ndi yomweyo. Munthu amene anachiritsa odwala ambiri anasiya mnzake Trofimo akudwala ku Mileto, ndipo Timoteyo, mwana wake mu uzimu, ankadwaladwala m'mimba. Paulo mwini, pa 2 Akorinto 12, akuti anali ndi munga m'thupi ndipo anapempha Ambuye katatu kuti umuchoke. Sunachoke. Anangouzidwa kuti chisomo chimukwanira, popeza mphamvu ya Mulungu imaonekera bwino mwa munthu wofooka. M'kalata yomweyo, pa mutu woyamba, akuvomera kuti ku Asiya iye ndi anzake anapanikizika mopitirira mphamvu zawo mpaka kutaya chiyembekezo choti akhala ndi moyo. Mtumwi akulemba poyera kuti anathedwa nzeru, ife lero tikuopa kunena zomwezo pamaso pa anzathu a mumpingo.

Sindikulemba zimenezi ngati munthu wongowerenga. Malemu amuna anga anagwidwa matenda ofa ziwalo ali ndi mphamvu zawo, ana akadali pa sukulu. Mbali imodzi ya thupi inaleka kugwira ntchito, mawu ankatuluka movutikira. Miyezi yoyamba ndinkapemphera ngati wankhondo, kudzuka pakati pa usiku, kusala kudya, kutchula malonjezo onse omwe ndinkawadziwa. Kenako thupi linatopa. Munthu amene wakhala usana wonse akutembenuza wodwala, kumusambitsa, kumudyetsa, kuchapa zofunda, akagwada usiku tulo timamupeza asanafike pa ameni. Alendo ena obwera kudzazonda ankandisiyira mawu olemera kuposa ntchitoyo. Wina anandiuza mwaulemu ndithu kuti ndifufuze bwino m'moyo mwanga, mwina pali khomo lomwe ndinatsegulira mdani. Ndinamuthokoza, ndinamuperekeza, n'kukalira kuseri kwa nyumba.

Inafika nthawi yomwe ndinalibe mawu anga. Chomwe chinatsala ndi Pemphero la Ambuye basi, ndipo masiku ena ndinkangofika pa "kufuna kwanu kuchitidwe" n'kuima pomwepo, chifukwa sindinkadziwa ngati ndikunena zoona. Amene anandigwira dzanja ndi amayi awiri achikulire a mumpingo mwathu. Sankabwera ndi ulosi kapena malangizo. Ankafika, mmodzi n'kutenga tsache, winayo n'kukhala pafupi ndi wodwala, pomaliza n'kupemphera mokweza ine ndili chete. Tsiku lina mmodzi wa iwo anandiwerengera Salimo 88. Sindinkadziwa kuti m'Baibulo muli pemphero lotere, loyamba ndi kulira n'kuthera mumdima, lopanda ndime yachisangalalo kumapeto. Ndinadabwa kuti Mulungu analola kuti mawu otere alembedwe m'buku lake, kuti anthu ake aziwaimba. Kuyambira pamenepo ndinaleka kudzikongoletsa pamaso pake.

Amuna anga sanayendenso. Anakhala zaka zingapo ali chigonere mpaka anatisiya. Tsono malinga ndi chiphunzitso chija, ine ndine umboni wa kulephera. Koma ndikudziwa chomwe ndinaona. M'mawa uliwonse ndinkadzuka ndili wotsimikiza kuti lero sindikwanitsa, ndipo dzuwa linkalowa nditakwanitsa. Mkwiyo womwe ndinkaopa kuti undidya sunakhazikike. Bambowo, omwe kale anali munthu wosaugwira mtima, anafatsa modabwitsa, ndipo ankayesetsa kuimba nafe ngakhale lilime linkakana. Mphamvu imeneyo sinali yanga, chifukwa yanga ndinaiona ikutha. Zinali ngati mwana amene wagona tulo m'manja mwa mayi ake: iye wataya kale kugwira, koma sagwa.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu omwe amalalikira kupirira ngati kuti ndi kuuma mtima. Amati limba, usagwedezeke, gwira zolimba. Nanga amene manja ake alema atani? Usiku womwe Yesu anaperekedwa, Petro analumbira kuti ali wokonzeka kupita naye kundende ngakhale kukafa. Tambala asanalire anali atamukana katatu. Chomwe chinamubweza Petro si kulimba kwake. Pa Luka 22:32 Yesu anali atamuuza kale kuti wamupempherera kuti chikhulupiriro chake chisafe. Ndipo Yesu mwini ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, chikhocho osachotsedwa, m'malo mwake kunabwera mngelo kudzamulimbikitsa. Yankho la mtundu umenewu, lopatsa mphamvu yopitira m'vuto m'malo mochotsa vutolo, sitikonda kulitchula yankho. Komatu ndi lomwe Mwana wa Mulungu analandira. Aroma 8:26 akunenanso mosabisa kuti sitidziwa kupemphera monga kuyenera, ndipo Mzimu ndi amene amatipempherera ndi kubuula kosaneneka.

Eliya atathawa Yezebeli anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Mulungu sanamudzudzule. Anamulola agone, anamupatsa chakudya, anamulolanso agone, kenako n'kumuuza kuti alipo anthu 7,000 omwe sanagwadire Baala. Abusa athu akanaphunzirapo kanthu apa: wotopa amayamba wapumula, ulaliki pambuyo.

Mbiri ya mpingo nayo ili ndi anthu odikira. Monica, mayi wa kumpoto kwa Africa, anapempherera mwana wake Augustine, yemwe pambuyo pake anadzakhala mphunzitsi wamkulu wa mpingo, kwa zaka zambiri mnyamatayo akutsata ziphunzitso zina. Pamene Augustine anafuna kuwoloka nyanja kupita ku Rome, mayiyo anachonderera Mulungu kuti asapite. Mwanayo anawanamiza mayi ake n'kukwera chombo usiku iwo akupemphera. Pemphero la tsiku limenelo linakanidwa. Koma ulendo womwewo ndi umene unakamufikitsa ku Milan, kumene anamva ulaliki wa bishopu Ambrose n'kubatizidwa m'chaka cha 387. Monica anamwalira chaka chomwecho. William Carey, mmishonale wa ku England, anafika ku India mu 1793, anaika m'manda mwana wake wamng'ono, mkazi wake anadwala misala, ndipo munthu woyamba kutembenuka kuchoka m'chipembedzo cha Chihindu kudzera mu utumiki wake, Krishna Pal, anabatizidwa mu 1800. Mu 1812 moto unatentha nyumba yosindikizira mabuku ku Serampore pamodzi ndi zolemba zomwe anazivutikira zaka zambiri, iye n'kuyambiranso. Carey akanakhala pakati pathu m'chaka chake chachisanu, sindikayika kuti wina akanamulangiza kuti akapemphereredwe kuti achotse tsoka.

Wina asandimve molakwa. Sindikuti tileke kupempha machiritso, ntchito kapena ana. Pa Luka 18 Yesu anakamba za mayi wamasiye yemwe sanaleke kuvutitsa woweruza wosaopa Mulungu mpaka mlandu wake unamveka, ndipo anakamba fanizolo kuti tizipemphera nthawi zonse osafooka. Ine ndinapempha kuti amuna anga achire mpaka sabata yomwe anamwalira, ndipo sindichita nazo manyazi. Anyamata atatu aja a m'buku la Danieli anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa m'ng'anjo, koma ngakhale atapanda kutero, fano lake salilambira. Mawu onse awiriwo anatuluka pakamwa pamodzi. Ife tatenga loyamba n'kutaya lachiwiri, n'chifukwa chake munthu akapanda kulandira chomwe anapempha amaganiza kuti Mulungu wamutaya, n'kuleka kubwera kutchalitchi. Ndikudziwa angapo omwe anachoka motere, ndipo palibe amene anawatsatira. Ngakhale Ahebri 11, mutu womwe timautcha wa ngwazi za chikhulupiriro, sukuthera pa omwe anatseka pakamwa pa mikango. Ukupitiriza kutchula omwe anaponyedwa miyala, anachekedwa pakati, anayendayenda ali osowa, ndipo ukuti onsewa anachitiridwa umboni wabwino.

Pempho langa kwa abusa, akulu a mpingo ndi otsogolera magulu a mapemphero ndi ili. Pa nthawi ya maumboni perekaninso mpata kwa mayi amene mwana wake sanasiye mowa koma iye akupempherabe, ndi kwa bambo amene akumwabe mankhwala a matenda osachiritsika. Musawakakamize kumaliza ndi nkhani yokoma. Mukapita kukazonda wodwala wa nthawi yaitali, musafunse wosamalirayo ngati akupemphera mokwanira. Mufunseni kuti anagona liti tulo tabwino, ndipo mupemphere inuyo iye akupuma. Ndipo inu a nyuzipepala, pa tsamba lanu la zauzimu, tipatseniko nthawi zina nkhani za anthu oterewa, chifukwa ndi ambiri mwa owerenga anu.

Ndine wanu,
Mayi wamasiye, wowerenga wanu wa nthawi zonse