Kungoika static sikuthetsa vuto la kupatutsa ma function a mu laibulale

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani imene ingaoneke ngati ya akatswiri ochepa, komatu ikuwazunguza mutu achinyamata ambiri amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta m'chilankhulo cha C++. Nkhaniyi ndi ya kupatutsa ma function a mu laibulale yaikulu ya kompyuta (nkhokwe ya ma function okonzedwa kale amene mapulogalamu amagwiritsa ntchito), ntchito imene eni ake amaitchula kuti hooking. Wolemba pulogalamu amaika function yake kuti ikhale mkhalapakati, moti pulogalamu ikaitana open kuti itsegule fayilo, kapena malloc kuti ipatsidwe malo mu memory, imayamba yadzera kwa mkhalapakatiyo, iye n'kulemba zimene akufuna kudziwa, kenako n'kupereka ntchitoyo kwa function yeniyeni. Pa Linux ambiri amachita zimenezi ndi LD_PRELOAD, njira youza kompyuta kuti iyambe yanyamula laibulale yanu isananyamule malaibulale ena, pamene pa Windows pali Detours ya Microsoft. Ndi luso lothandiza kwambiri pofufuza memory imene ikutayika kapena pofuna kuona mafayilo amene pulogalamu ikutsegula.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi yankho limene ophunzira amapatsana zinthu zikakanika, lakuti munthu angoika mawu oti static patsogolo pa function ndiye kuti zatha. Yankholi silabodza, koma ndi lopereŵera, ndipo amene walandira popanda kumva chifukwa chake amakagwa patsogolo pomwepo.

Posachedwapa ndinakhala pansi ndi wophunzira wina amene anaika mkhalapakati wake wa open mkati mwa class ngati membala wamba. Compiler inakana kutenga adiresi ya function imeneyo ngati pointer wamba, ndipo iye, poona ngati compiler ikungolimbalimba, anaikakamiza podzera mu union n'kulemba adiresiyo m'tebulo la GOT, limene limasunga ma adiresi a ma function a m'malaibulale. Pulogalamu inagwa nthawi yomweyo. Titatsegula gdb, chida chofufuzira zolakwika mu pulogalamu, tinaona chinthu chimene ndikanakonda wophunzira aliyense atachiona ndi maso ake. Pamalo pa this, pointer woloza object imene membala akugwirapo ntchito, panali adiresi imene, titaiwerenga ngati malemba, inatipatsa dzina la fayilo limene pulogalamu inkafuna kutsegula, pamene pamalo pa dzina la fayilo panali 0. Chifukwa chake n'chakuti membala wamba amalandira this mobisa ngati chinthu choyamba, ndipo pa Linux ya 64-bit ya makina a x86 chinthu choyamba chimadzera mu register (kamalo kosungira nambala mkati mwa processor) ya RDI, chachiwiri mu RSI. Woitanayo sankadziwa za this, choncho anaika dzina la fayilo mu RDI ndi O_RDONLY (chizindikiro chotsegulira fayilo kuti ingowerengedwa) mu RSI, ndipo O_RDONLY pa Linux ndi 0. Chilichonse chinasuntha ndi malo amodzi. Compiler inkanena zoona pokana, pakuti pa makina otere pointer wamba ndi wa mabaiti 8, pamene pointer wa membala wamba ndi wa mabaiti 16.

Membala wa static alibe this, n'chifukwa chake adiresi yake imalowa bwinobwino mu pointer wamba. Apa ndiye pamene mawuwa amathandiza, ndipo apa ndi pomwe thandizo lake limathera.

Mawu oti static sathetsa vuto la dzina. LD_PRELOAD imagwira ntchito chifukwa chakuti loader, imene imanyamula pulogalamu ndi malaibulale ake, ikamafuna dzina loti open imayamba yapeza lanu. Koma C++ imasintha mayina kuti asunge class ndi mitundu ya zolowa, moti function ya open mu class yotchedwa Hook, yolandira dzina la fayilo ndi nambala imodzi, mukaiyang'ana ndi nm, chida choonetsa mayina amene ali mu laibulale, mumaipeza italembedwa _ZN4Hook4openEPKci. Loader sidzaitenga imeneyo ngati open. Mawu oti extern "C" nawonso sagwira pa mamembala a class, kotero mkhalapakati weniweni ayenera kukhala function yapayokha kunja kwa class, ndipo iyo ndi imene ingaitane membala wa static. Palinso vuto laling'ono la pointer wa static wosunga adiresi ya function yeniyeni: kungomutchula mkati mwa class sikumupatsa malo, ayenera kulembedwanso kamodzi kunja, apo ayi mudzakumana ndi uthenga wa undefined reference, kapena undefined symbol poyendetsa pulogalamu. Kuyambira C++17 mawu oti inline static amathetsa zimenezi.

Koma vuto limene ndikufuna aphunzitsi alitsindike ndi la nthawi, chifukwa ndi limene limabisala. Wophunzira amalemba kuti pointer wake wa static alandire adiresi kuchokera ku dlsym ndi RTLD_NEXT (njira yofunsira adiresi ya function yeniyeni ija) pamzere womwewo umene wamulengezera, n'kuganiza kuti pointeryo alipo kuyambira pachiyambi. Malo ake alipodi kuyambira pachiyambi, koma ali ndi 0 mpaka loader itafika poyendetsa ntchito zoyambira za laibulale yanu, ndipo isanafike pamenepo malaibulale ena angakhale ataitana kale malloc pokonza zinthu zawo. Kuitana kumeneko kumafikira kwa mkhalapakati wanu, iye n'kudumphira pa adiresi 0, pulogalamu n'kufa isanalowe n'komwe mu main. Choŵaŵa n'chakuti zimenezi zimadalira malaibulale amene pulogalamuyo yanyamula, moti mkhalapakati yemweyo amayenda bwino pa pulogalamu imodzi n'kugwetsa ina, ndipo wophunzira amayamba kukayikira kompyuta yake m'malo mokayikira mzere umodzi umenewo.

Njira yabwino ndi kumuyambitsa pointeryo ndi nullptr, chinthu chimene compiler imalemba m'fayilo momwemo popanda kudikira code iliyonse, ndiyeno kuitana dlsym pa ulendo woyamba umene mkhalapakati waitanidwa. Mu C++20 muli mawu oti constinit amene amachititsa compiler kukana ngati chiyambi cha pointer chikudalira code yoyenda pambuyo pake. Ngakhale apa msampha ulipo, pakuti m'mitundu yambiri ya glibc, laibulale yaikulu ya C pa Linux, dlsym nayo imaitana calloc, function inanso yopereka memory, ndipo ngati mwapatutsanso calloc, mkhalapakati amaitana dlsym, dlsym n'kuitana mkhalapakati, mpaka stack itadzaza. Ena amathawira ku static wa mkati mwa function, poti C++11 inalonjeza kuti ameneyo amayambitsidwa kamodzi kokha ngakhale ma thread atakhala ambiri, koma lamulo lomwelo silinena chimene chidzachitike function ikadzibwereranso chiyambicho chisanathe. Chofunika ndi kachizindikiro kosonyeza kuti muli kale mkati, pamodzi ndi kamalo kakang'ono ka memory kosungiratu koti mupereke kwa dlsym pa nthawi imeneyo. Pa chifukwa chomwechi, mkhalapakati wa malloc asalembe uthenga wake ndi printf, imene ingaitanenso malloc, koma ndi write, ndipo abwezeretse errno, nambala yosonyeza cholakwa chomaliza, mmene anaipezera, kuti pulogalamu isalandire cholakwa chimene sichake. Tisaiwalenso kuti membala wa static ndi mmodzi kwa ma thread onse, choncho chowerengera chilichonse chimene mwasunga mmenemo chikhale std::atomic.

Nkhaniyi yakula kuyambira 2021, pamene glibc 2.34 inachotsa __malloc_hook, imene kale anthu ankadalira poyang'anira malloc. Amene akufuna kuchita ntchitoyi tsopano amadzera njira imene ndafotokozayi. Adziwenso malire ake: pulogalamu yomangidwa ndi laibulale yake mkati siipatutsika motere, ya setuid (yoyenda ndi mphamvu za mwini wake) simvera LD_PRELOAD wamba, ndipo fopen ya glibc imatsegula fayilo podzera mkati mwa laibulale osadutsa pa open yanu.

Pempho langa kwa aphunzitsi a C++ ndi lakuti pophunzitsa static asamangoima pa tanthauzo la m'buku, koma atsegule nm ndi gdb pamaso pa ophunzira, awaonetse dzina losinthidwa lija, awaonetsenso zimene zili mu RDI function ikamayamba. Kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti pa tsamba lanu la sayansi ndi luso muzipereka malo ku nkhani zozama ngati zimenezi m'Chichewa, ndipo ngati mungalole, ndidzatumiza chitsanzo chachifupi cha mkhalapakati wa malloc cholongosoledwa mzere ndi mzere.

Ine wanu,
Wowerenga wolemba mapulogalamu a kompyuta